Ana akuwerenga “adzabwera” ngati “adabwera”, tithandizane

Madam a Sitandade 3, Limbuli

Aphunzitsi anzanga, mwaswera bwanji? Ine pali chimene chandisowetsa mtendere sabata ino. Ndili ndi ana ambiri ndithu owerenga mosadodoma, oti ukawaika pa wotchi umachita kunyadira. Lachiwiri ndinalemba kankhani kanga pa bolodi, ndipo chiganizo china chinali chakuti: “Agogo adzabwera ndi zinanazi kuchokera ku Muloza.” Funso langa linali lapafupi: kodi zinanazizo zili kuti panopa? Manja m’mwamba kalasi yonse. “Zili kunyumba, Madam, agogo abweretsa.” Wina mpaka anati adya kale.

Ndinawaitana mmodzimmodzi kuti andiwerengere mokweza, ndipo ndinadzimvera ndekha: “Agogo adabwera ndi zinanazi.” Z yense uja kumezedwa. Ndikaika chala pa dza amawerenga bwinobwino, dza. Kungochotsa chala, abwerera ku adabwera. Chondidabwitsa n’chakuti ochedwa kuwerenga aja, amene amakwawa phatikizo ndi phatikizo, sakulakwitsa. Olakwitsa ndi akatswiri anga omwe. Ndichite bwanji?

Sir a Sitandade 4, Thekerani

Ndi phuma limenelo, Madam. Abwezereni ku maphatikizo: da de di do du, dza dze dzi dzo dzu, m’mawa uliwonse sabata ziwiri. Zitheratu.

Madam a Sitandade 3, Limbuli

Sir, ndayamba n’zimenezo. Amaimba mpaka a Sitandade 5 kudandaula phokoso. Pa tchati salakwitsa ngakhale kamodzi. Ndawapatsanso dzanja, dzira, dzungu, madzi, onse akuwerenga bwino. Zikusokonekera pokhapokha dza akalowa m’kati mwa mneni.

Mayi Hedi, Luchenza

Mwaonako maso awo? Nthawi ino ya chiperoni m’makalasi mumada, ndipo bolodi likanyowa choko sichigwira bwino. Ife tinapezapo mwana amene tinkamuyesa waulesi, chonsecho ali kumbuyo saona.

Madam a Sitandade 3, Limbuli

Ndinaganizako, Mayi. Koma ndi ana opitirira makumi awiri, ena amakhala kutsogolo kwenikweni, ndipo m’buku akuchitanso chimodzimodzi.

Agogo Ticha, opuma ntchito, Chisitu

Ana anga, ndiloleni ndiponyepo mawu ngakhale choko ndinachisiya kalekale. Madam, tawafunsani anawo akuuzeni zimene anachita dzulo. Simumva ndi mmodzi yemwe akuti “ndidapita kumunda”. Kuno kwathu timati ndinapita, anabwera, tinadya. Kaya ndi mwana wa ku Limbuli, wa ku Chonde, wa ku Goliati, kaya kunyumba agogo ake amayankhula Chilomwe, akatsegula pakamwa m’Chichewa ndi na. Da uja mwana amakumana naye m’buku. Ife tili ana asukulu, Chichewa chitangokhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, tikalemba “anapita” aphunzitsi athu ankazunguliza na ndi inki yofiira n’kulemba da pamwamba.

Ndiye taganizani. Nkhani za m’mabuku zambiri zimakamba zakale: adapita, adati, adaona, adafika, adadabwa. Mwana waona ada, ada, ada chiyambire Sitandade 1. Kwa iye ada ndi mmene mawu a m’nkhani amayambira, basi, ngati “padangotero” wa nthano. Sanauzidwepo kuti muli zinthu ziwiri, a ndi da, zoti china ukhoza kuchichotsa n’kuikapo china. Akangoona a ndi d, mutu wamaliza kale.

Sir a Chichewa, Bvumbwe

Agogo mwalasa. Zimene mwanenazi zikugwirizana ndi zomwe tinkaphunzira ku Zomba pa za mmene munthu amazindikirira mawu powerenga. Ndilembako motalikirapo, amene bandulo yatha andikhululukire.

Diso powerenga siliyenda ngati madzi mumpopi, limadumpha ngati chule. Limaima pamalo amodzi pafupifupi kota ya sekondi, kenako n’kudumphira pena. Pamene laimapo, malembo amene limawaona bwino kuti mawu azindikirike ndi pafupifupi 7 kapena 8 kumanja kwake. Izi anayeza kwa akuluakulu owerenga Chingerezi, ndipo mwana wongoyamba kumene amakolola zochepa kuposa pamenepo. Tsono taonani mawu athu. “Sindidzakuuzaninso” ndi malembo 18, ndipo muli zidutswa zatanthauzo zisanu ndi ziwiri: si, ndi, dza, ku, uza, ni, nso. Mngerezi angalembe chiganizo chathunthu cha mawu asanu ndi limodzi, ife ndi liwu limodzi.

Funso limene akatswiri akhala akukanganirana zaka zambiri ndi ili: mutu ukaona mawu otere, umawatenga athunthu ngati nkhope ya munthu amene umamudziwa, kapena umawaphwanya kaye n’kufunafuna tsinde? Mu 1975 a Marcus Taft ndi a Kenneth Forster anayesa anthu powaonetsa magulu a malembo limodzilimodzi, iwo azinena msanga ngati ndi mawu enieni kapena ayi. Anapeza kuti anthu ankachedwa kukana “juvenate”, lomwe ndi tsinde la “rejuvenate”, kuposa kukana “pertoire”, lomwe langodulidwa ku “repertoire” koma si tsinde la chilichonse. Kusonyeza kuti mutu umasunga matsinde paokha, ndipo umayamba wachotsa mphatikiri, kachidutswa komatidwa ku tsinde ngati “re” uja, kuti ulipeze tsindelo.

Koma nkhani sinathere pomwepo. Ku Finland, kumene chiyankhulo chawo chimamata zidutswa zambirimbiri ku liwu limodzi ngati ife, anapeza kuti mawu okhala ndi aphatikiri amatenga nthawi yotalikirapo kuwazindikira kuposa mawu opanda aphatikiri, chifukwa kuphwanya ndi kulumikizanso ndi ntchito. Koma mawu amene munthu amakumana nawo kawirikawiri zedi, kuchedwa kuja kumachepa kapena kutheratu, ngati kuti mutu wawasunga athunthu. Choncho ambiri masiku ano amati njira zilipo ziwiri ndipo zimachita mpikisano: yodutsa pa zidutswa ndi yachidule.

Akatswiri anu aja, Madam, apeza njira yachidule. “Adabwera” amuona kambirimbiri, ali naye m’thumba wathunthu. “Adzabwera” ndi mlendo wofanana nkhope ndi mnansi wawo, ndiye akumupatsa moni ndi dzina la mnansiyo. Okwawa aja alibe chilichonse m’thumba, n’chifukwa chake akuponda lembo lililonse.

Sir a Sitandade 4, Thekerani

Achimwene, pepani ndikutsutseniko. Mwati diso limaona malembo 7 kapena 8. Z wa “adzabwera” ndi lembo lachitatu. Angabisale bwanji pamenepo? Zikanakhala za kumapeto kwa mawu aatali ndikanamva.

Sir a Chichewa, Bvumbwe

Funso labwino, ndipo mwandigwira pamene ndinafotokoza mosakwanira. Sikuti z sakulowa m’diso. Akulowa ndithu. Kungoti malembo a m’kati amapanikizana, amene amaonekera kwambiri ndi loyamba ndi lotsiriza. Ndiye mutu ukakhala ndi mawu awiri ofanana kumutu ndi kumchira, umathamangira amene unawazolowera. Ifenso zimatichitikira. Ndi angati muno amene anawerengapo uthenga wakuti “malipiro adzalowa” n’kuthamangira ku banki ku Luchenza?

Mayi Hedi, Luchenza

Musatikumbutse zimenezo, Sir. Thiransipoti yake sinabwerere mpaka lero.

Koma mukunena zoona, ndipo ine ndionjezepo za wotchi. Chiyambire pulogalamu ya kuwerenga ya NRP mu 2016 ana akugwira maliwu ndi maphatikizo msanga kusiyana ndi kale, zimenezo sindingakane. Vuto ndi ife aphunzitsi, tatengeka ndi kuwerengetsa mawu pa mphindi. Mwana amadziwa kuti akathamanga amuwombera m’manja. Ndipo woyesa akamatsatira ndi pensulo m’kalasi yaphokoso, adabwera ndi adzabwera khutu lake nalonso limatha kumeza.

Sir a Chichewa, Bvumbwe

Madam, tiyeni tiyese kanthu tisanathamangire mankhwala, kuti tidziwe ngati vuto lili pa chiyankhulo kapena pa kuwerenga. Mu 1958 mayi wina wa ku America, Jean Berko, anajambula kanyama kosadziwika n’kuuza ana aang’ono kuti dzina lake ndi “wug”. Atawaonetsa tiwiri, ana ankanena okha kuti “wugs”, mawu oti sanawamvepo chibadwire. Kusonyeza kuti mwana sangoloweza mawu, ali ndi lamulo m’mutu.

Inu pekani mneni woti kulibe. Tinene kuti kumeba. Chitani kanthu kachilendo, kaya kuzunguliza dasitala pamutu, muwauze kuti uku ndi kumeba. Kenako funsani pakamwa: Chikondi akumeba panopa, nanga dzulo anatani, nanga mawa? Mukatero lembani pa bolodi adameba, adzameba, amameba, akumeba, mosakaniza, awerenge. Mutiuze.

Agogo Ticha, opuma ntchito, Chisitu

Muyambe mwafunsa kaye akuluakulu ngati kumeba si mawu ena ake m’Chilomwe, mungadzaitanidwe ndi komiti ya sukulu.

Madam a Sitandade 3, Limbuli

Ndabwera ndi lipoti. Agogo musadere nkhawa, ndinafunsa alonda athu, akuti sakuwadziwa mawuwo.

Pakamwa palibe anaphonya. Mawa? “Adzameba!” Dzulo? “Anameba!” Onse na, monga munanenera Agogo, da sanatuluke ngakhale pakamwa pamodzi. Wina anafunsanso ngati angathe kumebetsa mnzake, wina n’kuti dasitala yamebedwa. Ndinaseka mpaka misozi.

Tsono za pa bolodi ndi zimene zandizunguza. Akatswiri anga omwe aja anawerenga adzameba bwinobwino. Anachedwa pang’ono, ndimaona milomo ikuyenda, koma z sanamezedwe. Nditangolemba “adzapita” pansi pake, kamtsikana kamene kamakhala nambala wani kanawerenga “adapita”, kenako kanaima, kuyang’ana pamwamba pa adzameba, kuyang’ananso pansi, n’kugwira pakamwa. “Aaa Madam, ndi wa mawa eti?”

Sir a Chichewa, Bvumbwe

Ndi zimenezotu. Galamala ali nayo yonse m’mutu. Pa mneni wachilendo analibe njira yachidule, anadutsa pa zidutswa. Ntchito yatsala ndi kuwaonetsa kuti ngakhale m’mawu ozolowereka muli mpando wapakati umene umasintha mwini, ndipo nkhani yonse imatembenukira pamenepo.

Ine ku Fomu 1 ndimachita chonchi, mwina mungachepetse kuti zikwane ana anu. Dulani katoni makadi atatu. Loyamba wochita: ndi, u, a, ti, mu. Lachiwiri nthawi: da, na, dza, ma, ku. Lachitatu tsinde lathunthu, bwera kapena pita kapena gula. Ana atatu aime kutsogolo atanyamula makadiwo. Wa tsinde asasunthe. Muzisintha wapakati yekha, kalasi iziwerenga ndi kuloza: kumbuyo kwa phewa ngati zinachitika kale, pansi ngati zikuchitika, kutsogolo ngati sizinachitike. Mayina ake a mgwirizanitsi ndi mphatikiri asiyeni, adzawapeza kutsogolo.

Madam a Sitandade 1, Goliati

Ndakhala ndikungowerenga, koma apa ndiyankhulepo. Ine chaka chonse ndimavutika kuphunzitsa mwana kuti bwera ndi bwe ndi ra. Inu mukuti khadi limodzi “bwera” pamene a ndi dza ali paokha. Simumusokoneza? Ndipo mukayamba kudula mawu potsata tanthauzo mufika pa “phikira”. Ife timati phi, ki, ra. A galamala amati phik, ir, a. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu amuuze kuti phik? Liwu la Chichewa lothera pa k analimva kuti? Mundiphwasulira nyumba imene ndamanga ndi thukuta.

Sir a Chichewa, Bvumbwe

Achemwali, pa phikira mukunena zoona, ndipo sindingalole kuti wina adule choncho ku pulayimale. Mwayi wathu ndi wakuti kumanzere kwa tsinde zidutswa zatanthauzo zimagwera ndendende pa maphatikizo: ndi, dza, ku, mu, chi. Palibe chimene chikuswedwa pakati. Kumanja ndi kumene zimasemphana, chifukwa misintho ya mneni monga ir, its, idw, an imayamba ndi lembo laliwu ndipo imakoka lembo lotsiriza la muzu. Kumeneko osadula. Muziika mawu athunthu moyandikana, phika, phikira, phikitsa, phikidwa, n’kufunsa kuti ndani wagwira mthiko, ndani adye.

Za khadi la “bwera” lathunthu, mwana wa Sitandade 3 bwe ndi ra anazidutsa kale chifukwa cha ntchito yanu yomweyo. Kwa anu a Sitandade 1 sindinganene kuti muyambe.

Madam a Sitandade 1, Goliati

Chabwino, bola malire akhale pamenepo. Koma ndikadzamva mwana wanga akuti phik ndidzabwera ku Bvumbwe.

Mayi Hedi, Luchenza

Langa ndi dandaulo lina. Pochonga timalimbana kale ndi ana olemba “ndi na pita ku msika”, “a ma dya”. Mukawaonetsa makadi otalikirana, si ndiye mwawapatsa chilolezo?

Sir a Chichewa, Bvumbwe

Nkhawa yomveka, Mayi. Zoti mneni alembedwe pamodzi ndi mgwirizano chabe wa kalembedwe, koma ndi umene tili nawo ndipo mayeso amatsata womwewo. Ku South Africa ziyankhulo zapachibale zinasankha mosiyana. Mzulu amalemba “ngiyamthanda” pamodzi ngati ife “ndimamukonda”, pamene Mpedi amalemba “ke a mo rata”, mawu anayi. Ana athu olemba motalikanitsa aja akungosonyeza kuti zidutswazo akuzimva m’mutu.

Chochita n’chakuti kalasi isawerenge ana atatu aja asanagundanitse makadi, phewa ndi phewa. Ndipo pa bolodi musasiye mpata ayi. Lembani adzabwera pamodzi, dza yekha ndi choko cha mtundu wina. Chikasowa, ingodulani mzere kunsi kwake. Pakatha masiku angapo musiye kudula mzerewo, apo ayi azidikira inu kuti muwalozere.

Sir a Sitandade 4, Thekerani

Ndagonja pa za maphatikizo zija. Koma makadi anuwa pali pamene sangathandize. Lembani “ndikagula chimanga”. Ndi munthu amene akunyamuka kupita ku msika kukagula, kapena akuti ndikagula chimanga ndidzakugawira? Malembo ndi omwewo, kusiyana kuli pa kukweza ndi kutsitsa liwu, ndipo kalembedwe kathu sikasonyeza zimenezo. Ngakhale “anabwera” amene tikumunenayu ali pawiri, wa kalekale ndi wa posachedwa, malinga ndi pamene wakweza. Ana anga amafika pa ka n’kusankha nyimbo imodzi, akafika kumapeto kwa chiganizo n’kupeza kuti sizikugwirizana, koma osabwerera.

Agogo Ticha, opuma ntchito, Chisitu

Pamenepo mankhwala ndi akale omwe aja, mwana wanga. Ayambe waliwerenga chamumtima mpaka pa mpumiro, kenako alinene mokweza monga angauzire amayi ake. Owerenga m’tchalitchi amene amadziwa ntchito yawo amatero, sayamba vesi asanaone kumene likuthera. Koma dziwani kuti pa wotchi mutsika.

Madam a Sitandade 3, Limbuli

Patha sabata ziwiri, ndiye ndikuuzeni mmene zilili. Makadi ndinadula ku katoni ya sopo. Timachita mphindi zisanu zokha tisanatsegule buku. Ndinaonjeza kanga: da ndi na ndinawalemba pa khadi limodzi, kuseri ndi kumaso, n’kuwauza kuti ndi munthu mmodzi, kunyumba amavala na, kusukulu amavala yunifolomu ya da. Zimenezi anazikonda kwabasi. Pano akaona adapita ena amanong’ona okha kuti “anapita”, ndipo sindikuwaletsa.

Kuloza kuja kwathandiza ine kuposa iwo. M’kalasi ya ana pafupifupi 100 sungamve z wa aliyense, koma dzanja lolozera kumbuyo pamene anzake aloza kutsogolo umaliona uli pakhomo. Chiganizo cha agogo ndi zinanazi ndinachibweza nditasintha pang’ono, ambiri anayankha kuti zikadali ku Muloza. Liwiro latsikadi pang’ono monga ananenera Agogo.

Sikuti zatha. Amapita ndi anapita akadali kusokonezeka, ndipo pamenepo ndikuona kuti kalembedwe kanga ka m ndi n pa bolodi kakuthandizira. Koma imene ndikufuna mundimasulire ndi iyi. Dzulo ndinalemba “Malume sadzabwera.” Mnyamata wina anawerenga “Malume sadabwere.” Sanangomeza z, anasinthanso a wakumapeto kukhala e, pamene pa bolodi e palibe. Anamutenga kuti?

Sir a Chichewa, Bvumbwe

Anamutenga m’mutu mwake, ndipo mwana ameneyo mumusamale, Chichewa amachidziwa. Mneni wokana wa nthawi yakale amathera ndi e: sadabwere, sanapite, sitinadye. Wa m’tsogolo amakhalabe ndi a: sadzabwera, sitidzadya. Iye atangoganiza kuti waona sada, mutu unamanga mawu onse motsata lamulo, n’kukonza mchira kuti ugwirizane ndi mutu. “Sadabwera” sakanamutulutsa chifukwa khutu lake likanakana. Ndiye pa okanawa muli zizindikiro ziwiri, chapakati ndi chakumapeto, muwaonetse zonse. Apa mufunika makadi awiri a tsinde, bwera ndi bwere, kalasi izisankha loyenera wapakati akasintha. Osadula e payekha, a ku Goliati angatipeze.

Madam a Sitandade 1, Goliati

Ndikuonatu.

Sir a Sitandade 4, Thekerani

Mukafika pa sanabwere ndi asanabwere mundiitane. Kumeneko a mmodzi wakutsogolo amandigwetsera theka la kalasi chaka chilichonse.

Mayi Hedi, Luchenza

Madam, Lachisanu likudzali tili ndi CPD, maphunziro osulira aphunzitsi, ya zoni yathu ku TDC, malo amene aphunzitsi a m’zoni timakumanirako. Ndayankhula ndi a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m’zoni yathu, akuti ngati mungathe kukwera minibasi mudzationetse makadiwo mphindi makumi awiri. Mubwere ndi dasitala yomebera ija.

Madam a Sitandade 3, Limbuli

Ndidzabwera, Mayi, ndipo z mwamuona. Koma makadi anga anyowa ndi chiperoni, inki yayenderera, dza akuoneka ngati da weniweni. Amene ali ndi maka yosafufutika ndi katoni youma anditengereko, ndidzadulira konko.